Bwalo la Marabi: Mmene Malamulo a Pakamwa a Ayuda Analowera M'mabuku

Mlandu wa malire a munda ukavuta pabwalo la mfumu kuno ku Ntcheu, pamafika nthawi yoti aliyense atembenukire kwa nkhalamba imodzi. Ndi iyo imene ikukumbuka kuti agogo a odandaulawo, pobwera kudzakhala pachikamwini, analozeredwa kuyambira pamsuku paja mpaka kukhwawa, ndiponso mmene mlandu wonga womwewo unathera m'masiku a mfumu imene inatisiya. Palibe buku loti wina atsegule. Nkhalambayo ikagona, zambiri zimagona nayo limodzi, otsala n'kuyamba kulimbana pa zimene akuti inanena.

Ayuda anakhalapo m'vuto lotereli, koma lawo linakula chifukwa anataya ndi bwalo lomwe. Chimene chinawapulumutsa ndi sukulu ya marabi, imene inalinso bwalo la milandu. Inayambira m'katauni ka Yavne pafupi ndi nyanja ya Mediterranean, n'kusamukira ku Galileya, kenako n'kukamera mizu ku Babulo, kumene inakhala zaka zoposa 800.

Ambiri a ife Afarisi tinawamvera paguwa, ndipo dzina lawo timalitchula tikafuna kunyoza munthu wachiphamaso. Za zimene ankaphunzitsa, ndi zimene ophunzira awo anachita pambuyo pake, sitiuzidwa kawirikawiri. Iwo ankati pambali pa Chilamulo cholembedwa, chija cha m'mabuku asanu a Mose, palinso chilamulo cha pakamwa chofotokoza katsatidwe kake. Kufunika kwake n'koonekeratu. Malemba amaletsa ntchito pa Sabata, koma sandandalika ntchito zonsezo. Kumanga mfundo ndi ntchito? Nanga kunyamula mwana kutuluka naye pakhomo? Abale athu osunga Sabata a ku Lake View amadziwa kuti mafunso otere sachedwa kubuka, ndipo pamafunika wowayankha. Kwa Ayuda mayankho ankachoka m'kamwa mwa mphunzitsi kulowa m'khutu mwa wophunzira, mibadwomibadwo.

M'chaka cha 70, asilikali a Roma motsogozedwa ndi Titus anagwetsa Yerusalemu n'kutentha Kachisi. Nsembe zinatha, ansembe anasowa chochita, Bwalo Lalikulu linasowa pokhala. Talmud, buku lalikulu la makambirano a marabi, imasimba kuti mzinda usanagwe, mphunzitsi wina wokalamba, Yohanan ben Zakkai, anadzigoneka ngati wamwalira, ophunzira ake n'kumutulutsa m'bokosi la maliro kudutsa alonda a pachipata. Atafika kwa Vespasian, mkulu wa nkhondo amene posakhalitsa anakhala mfumu ya Roma, sanapemphe kuti Kachisi asiyidwe. Anapempha kuti aloledwe kusunga sukulu ku Yavne. Akatswiri a mbiri amakayika mbali zina za nkhaniyi, koma za sukuluyo sakayika. Ena m'nthawi yake ayenera kuti anamuona ngati wothawa nkhondo. Ine ndimaona munthu amene anazindikira msanga chimene chikanatha kupulumuka pamotopo. Chimodzi mwa zigamulo zake zoyamba chikuoneka chaching'ono: kale, tsiku la chaka chatsopano likagwera pa Sabata, lipenga la nyanga ya nkhosa linkaimbidwa ku Kachisi kokha, koma iye analamula kuti liziimbidwa ku Yavne, kumene kunali bwalo. Udindo unali utachoka paguwa la nsembe n'kutera pamabenchi a ophunzira.

Amene anamulowa m'malo anali Gamaliyeli wachiwiri, mdzukulu wa Gamaliyeli uja anaphunzitsa Paulo. Anali wa banja lolemera, wofunitsitsa kuti mtundu wosweka uzilankhula ndi pakamwa pamodzi, ndipo kufunitsitsa kumeneko kunamuumitsa dzanja. Anasemphana ndi mphunzitsi wamkulu, Yoswa ben Hananiah, pa kawerengedwe ka mwezi. Gamaliyeli anamulamula kuti abwere kwa iye atanyamula ndodo ndi thumba la ndalama pa tsiku limene, mwa kuwerenga kwa Yoswayo, linali tsiku lopatulika la chitetezo, losayenera kunyamula kanthu. Yoswa anameza mate owawa, n'kupita. Ulendo wina atasemphananso pa nkhani ya pemphero la madzulo, Gamaliyeli anamuimika chilili pamaso pa gulu, iye n'kumapitiriza kuphunzitsa ali khale. Apa anthu anati zakwana. Anamuchotsa pampando n'kuikapo mnyamata, Eleazar ben Azariah. Tsiku lomwelo anachotsa mlonda wa pakhomo amene ankasankha olowa, ndipo akuti anachita kuwonjezera mabenchi mazanamazana.

Chimene chimandigwira mtima ndi zimene zinatsatira. Gamaliyeli sananyanyale, sanakayambitse sukulu yake. Anapitiriza kubwera kudzakhala pakati pa anzake. Kenako anapita kukapepesa kunyumba kwa Yoswa, n'kupeza makoma akuda bii ndi mwaye. Apo mpamene anadziwira kuti mphunzitsi amene ankamuchititsa manyazi uja amadya za pamakala. Yoswa sanamubisire mawu: anamuuza kuti n'zomvetsa chisoni kuti mtsogoleri sadziwa mmene anthu ake akuvutikira kuti apeze chakudya. Anagwirizana, ndipo Gamaliyeli anabwerera pampando, koma tsopano akusinthana masabata ophunzitsa ndi Eleazar uja.

Ku Yavne komweko kunakhazikika mfundo yoti chigamulo chizitsata ambiri. Pali nkhani yotchuka ya Eliezer ben Hyrcanus, amene pa mkangano wa uvuni wina anaitanira zozizwitsa ngakhalenso mawu ochokera kumwamba kuti zimuchitire umboni. Anzake anakana, nati Chilamulo chinaperekedwa kale kwa anthu, ndiye chigamulidwe ndi anthu pokambirana. M'dziko ngati lathu, mmene maloto ndi maulosi zimatha kugawa mpingo usiku umodzi, nkhani imeneyi ndi yofunika kuisinkhasinkha. Koma Talmud siibisa mtengo wake: Eliezer anasalidwa, analira, ndipo bala limenelo silinapole msanga.

Mtendere wa ku Yavne sunakhalitse. Kuyambira 132 mpaka 135 Ayuda anaukiranso Roma motsogozedwa ndi Bar Kokhba, ndipo anagonja koopsa. Mphunzitsi Akiva, amene akuti anali mbusa wa nkhosa wosadziwa kuwerenga mpaka zaka 40, amenenso anayamba kusanja malamulo a pakamwa m'mitu, anaphedwa ndi Aroma. Ophunzira ake otsala anakasonkhana ku Usha m'Galileya. Zigamulo za kumeneko zimanunkha umphawi wa pambuyo pa nkhondo: bambo akakamizidwe kudyetsa ana ake aang'ono, ndipo munthu asapereke kwa osauka zoposa gawo limodzi mwa magawo asanu a chuma chake, kuopa kuti naye angasanduke wopempha. Kuchoka apo bwalo linayenda, Shefaram, Bet Shearim, Sepphoris, pomaliza Tiberias.

Cha m'ma 200, mtsogoleri wa bwalo, Yuda ha-Nasi, anasonkhanitsa zonse zimene zinkayenda pakamwa n'kuzisanja kukhala Mishnah. Ili m'Chiheberi, m'zigawo 6 zokhala ndi timabuku 63: za mbewu ndi minda, za masiku opatulika, za ukwati ndi chisudzulo, za kuwonongerana katundu ndi milandu, za nsembe, ndi za kudetsedwa ndi kuyeretsedwa. Za ntchito za pa Sabata zija anaziwerenga kukhala mitundu 39, ndipo mlimi aliyense angazindikire mndandanda wake, pakuti ukutsata ulendo wa chakudya: kufesa, kulima, kukolola, kupuntha, kupeta, kupera, kusefa, kukanda ufa, kuphika mkate. Gawo lalikulu la bukuli likunena za Kachisi amene anali atagwa zaka 130 zapitazo, ndipo likufotokoza zonse mosamala ngati ansembe alowa mawa.

Koma chachilendo chenicheni cha Mishnah ndi kalembedwe kake. Tsamba loyamba likuyamba ndi funso la nthawi imene pemphero la madzulo lovomereza umodzi wa Mulungu liyenera kunenedwa. Eliezer akupereka malire ake, ambiri akuti mpaka pakati pa usiku, Gamaliyeli akuti mpaka m'bandakucha, kenako pakubwera kankhani ka ana a Gamaliyeli amene anabwera usiku kuchokera kuphwando asanapemphere. Buku lonse likuyenda chomwecho. Maganizo a sukulu ya mphunzitsi Shammai, amene anagonja pafupifupi paliponse kwa a sukulu ya mphunzitsi Hillel, analembedwa ndithu, kawirikawiri patsogolo. Mishnah yomweyo ikupereka chifukwa: bwalo la mtsogolo likhoza kudzaona kuti maganizo a munthu mmodzi uja ndiwo akuyenera nthawi yake, ndiye lidzakhale ndi potsamira. Chifukwa china n'chakuti wina akadzabwera nati ine ndinamva zosiyana kwa makolo, adzauzidwe kuti zimene unamvazo ndi za uje, zinamveka, koma sizinapambane. Sindidziwa njira ina yolemekezera wogonja yoposa imeneyi.

Ngakhale itasanjidwa, Mishnah inkayendabe kwambiri pamtima. Sukulu iliyonse inali ndi anthu amene ntchito yawo inali kuloweza basi. Mkangano ukafika povuta, mphunzitsi ankaitana mmodzi wa iwo kuti aimirire n'kunena ndimeyo monga anailandirira.

M'chaka cha 219, wophunzira wina wa Yuda ha-Nasi, Abba Arikha, amene aliyense ankangomutchula kuti Rav, anabwerera kwawo ku Babulo, dziko limene lero ndi Iraq. Ayuda anali kumeneko chiyambire ukapolo wa m'masiku a Nebukadinezara. Anakatsegula sukulu ku Sura, m'mbali mwa mtsinje wa Firate, dera limene anapeza anthu ake akudziwa zochepa. Mnzake Shmuel, sing'anga wodziwanso za nyenyezi, ankatsogolera sukulu ya ku Nehardea. Shmuel ndiye anakhazikitsa mfundo imene inasunga Ayuda m'mayiko a eni kwa zaka mazanamazana, yoti pa nkhani za msonkho ndi katundu, lamulo la boma la dziko limene ukukhala ndi lomanga. Nehardea itawonongedwa pa nkhondo mu 259, Yuda bar Ezekiel anatsegula ina ku Pumbedita, pafupi ndi pamene pali mzinda wa Fallujah lero. Sura ndi Pumbedita, mayina awiri amenewa, anapikisana ndi kudalirana mpaka m'zaka za m'ma 1000.

M'masukulu amenewa ankatenga ndime imodzi ya Mishnah n'kuifunsa mafunso mpaka itatopa. Wanena zimenezi ndani? Wazitenga pa lemba liti? Bwanji zikusemphana ndi zimene ananena pena paja? Makambirano amenewa, m'Chiaramu, osakanikirana ndi nthano, mankhwala, mitengo ya pamsika ndi madandaulo, ndiwo anadzakhala Talmud. A ku Tiberias anatseka yawo cha m'ma 400, yaifupi ndi yothamanga. Ya ku Babulo inapsa pang'onopang'ono. Mwambo umatchula Rav Ashi, amene anamwalira mu 427, ndi Ravina monga oisonkhanitsa, ngakhale akonzi osatchulidwa mayina anapitiriza kuisula pambuyo pawo. Muli mikangano yosawerengeka ya aphunzitsi awiri, Abaye ndi Rava, ndipo lamulo limatsata Rava kupatula pa nkhani 6 zokha, komabe mawu a Abaye ali pomwepo, tsamba ndi tsamba. Mafunso ena amathera m'malere, buku n'kuvomera poyera kuti apa palibe yankho.

Marabi ambiri anali alimi, ofulula mowa, osoka nsapato. Rava ankauza ophunzira ake kuti asaonekere kwa iye m'miyezi yokolola ndi yofesa, kuopa kuti angavutike ndi njala chaka chonse. Motero panakhazikika mwambo wa miyezi iwiri ya msonkhano, Adar cha mu Febuluwale ndi Malichi, ndi Elul cha mu Ogasiti ndi Seputembala, pamene ntchito ya kumunda yapepuka. Wolemba wina wa m'zaka za m'ma 900, Nathan wa ku Babulo, anasiya chithunzi cha msonkhanowo. Mkulu wa sukulu, amene tsopano ankatchedwa gaon, ankakhala kutsogolo. Moyang'anana naye munali mizere 7 ya anthu khumikhumi, aliyense pampando wake wodziwika, ndipo kumbuyo kwawo khamu la ophunzira. Aliyense ankabwera atawerenga kwawo kabuku kamene kanalengezedwa pa msonkhano wapita. Gaon ankawafunsa mmodzimmodzi, ndipo wopezeka kuti anachita ulesi ankadzudzulidwa pagulu n'kumuchepetsera thandizo la ndalama. M'mwezi wa Adar ankatulutsa makalata a mafunso ochokera kutali, kuwawerenga mokweza, aliyense n'kunenapo, kenako gaon n'kuuza mlembi chimene alembe.

Makalata amenewa ndiwo anasandutsa masukulu awiri a m'mbali mwa Firate kukhala bwalo la Ayuda a dziko lonse. Chisilamu chitafalikira m'zaka za m'ma 600, dera lonse kuyambira Persia mpaka Spain linakhala pa msewu umodzi wa malonda. Mzinda wa Baghdad utamangidwa mu 762, chuma chinasamukira kumeneko, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 800 masukuluwo anayamba kutsatira, osasintha mayina awo. Myuda wa ku Kairouan m'dziko la Tunisia akakhala ndi funso la chuma cha masiye, ankalipereka kwa amalonda pamodzi ndi chopereka cha sukulu, n'kudikira miyezi yambiri. Ayuda a ku Spain atafunsa za dongosolo la mapemphero, Amram Gaon anawatumizira buku lathunthu, limene linakhala maziko a mabuku a mapemphero a pambuyo pake. Ndipo a gaon sankangobwereza zakale. Talmud inkalola kuti ngongole ya womwalira itengedwe pa minda yake yokha. Ayuda ambiri atasiya ulimi n'kulowa m'matauni, amasiye ndi okongoza ankatsala manja lende, choncho cha m'ma 787 masukulu awiriwa analamula kuti itengedwenso pa katundu wonyamulika.

Zambiri za izi tikuzidziwa chifukwa cha chipinda chimodzi. Makalata opita kumadzulo ankadzera ku Fustat, Cairo wakale, kumene alembi ankawakopera. Popeza pepala lokhala ndi dzina la Mulungu silitayidwa kudzala, mapepala otha ntchito ankaponyedwa m'chipinda chapadera cha sunagoge wa Ben Ezra, ndipo anaunjikana mmenemo zaka pafupifupi 1,000. Mu 1896, chaka chomwe Angelezi anapha Inkosi Gomani woyamba kuno kwathu, amayi awiri apachibale a ku Scotland, Agnes Lewis ndi Margaret Gibson, a mpingo wa Presbyterian, anaonetsa zidutswa zina kwa katswiri Solomon Schechter. Iye anapita ku Cairo n'kutengera ku Cambridge zidutswa zoposa 190,000.

Otsutsa analipo. Gulu la Akaraite, lotsatira Anan ben David wa m'zaka za m'ma 700, linkati Malemba okha ndi okwanira, za pakamwazo n'zopeka za anthu. Amene analimbana nawo kwambiri anali Saadia, wobadwira ku Egypt, amene anaikidwa kukhala gaon wa ku Sura mu 928, munthu wanzeru zakuya ndi wosagonja, womasulira Malemba m'Chiarabu, amene anakanganapo ndi mtsogoleri wa ndale wa Ayuda a ku Babulo mpaka kuchotsana pamipando. Mu 987 Sherira Gaon wa ku Pumbedita analembera a ku Kairouan kalata yaitali yofotokoza mmene Mishnah ndi Talmud zinapangidwira, ndipo zaka zambiri zimene ndatchula pamwambapa zikuchokera mmenemo. Mwana wake Hai atamwalira mu 1038, ulemerero wa masukuluwo unatha. Baghdad inali itafooka, zopereka zinachepa, ndipo ana anali atakula: Kairouan, Córdoba ndi Mainz zinali ndi aphunzitsi awoawo. Wa ku Mainz, Gershom, ndi amene amatchulidwa kuti analetsa mitala ndi kusudzula mkazi popanda iye kuvomera, lamulo limene linagwira Ayuda a ku Ulaya okha, a m'mayiko a Chisilamu ayi.

Bwalo limodzi litasowa, funso linakhala lakuti woweruza wa m'katauni kakutali apeza bwanji lamulo m'nyanja ya Talmud. Isaac Alfasi wa ku Fez, amene anamwalira mu 1103, anaifupikitsa pochotsa nthano ndi zimene sizigwiranso ntchito. Rashi wa ku Troyes m'dziko la France, amene anamwalira mu 1105, anailembera ndemanga yomasulira pafupifupi mzere uliwonse. Koma amene anachita cholimba mtima anali Maimonides. Anabadwira ku Córdoba, anathawa chizunzo ali mwana, anadutsa ku Fez, n'kukakhazikika ku Fustat monga dokotala. Kwa zaka khumi analemba Mishneh Torah, mabuku 14 m'Chiheberi chosalala, n'kumaliza cha m'ma 1180. Chilamulo chonse anachisanja mutu ndi mutu, momveka ngati madzi akumwa. Koma anachotsa mayina a onena, anachotsa maganizo ogonja, sanatchule kumene watenga chigamulo chilichonse. Cholinga chake chinali chachifundo, kuti munthu wamba asasochere. Abraham ben David wa ku Posquières anamuyankha mwaukali kuti woweruza sangasiye zimene akudziwa n'kutsata buku losaonetsa umboni wake. Pa mkangano umenewu mtima wanga uli kwa Abraham, ngakhale ndimasirira ntchito ya Maimonides. Chigamulo chopanda chifukwa chake chimafuna kuti ungokhulupirira woweruzayo, ndipo mawa zinthu zikasintha sudziwa poyambira kuchikonza. Mibadwo yotsatira inachita chanzeru: inasunga bukulo, koma osindikiza anaika zotsutsa za Abraham pa tsamba lomwelo, akatswiri ena n'kufufuza gwero la lamulo lililonse n'kulilemba m'mphepete.

Pali mbali ya mbiriyi imene Mkhristu sayenera kuilumpha. Mu 1240 ku Paris, Talmud inazengedwa mlandu pamaso pa akuluakulu a mpingo ndi a ufumu, ndipo mu 1242 ngolo 24 zodzaza mabuku olembedwa pamanja zinatenthedwa pabwalo. Buku limodzi lotere linkatenga mlembi miyezi. Komanso ndi Mkhristu, Daniel Bomberg, amene anasindikiza Talmud yonse koyamba ku Venice kuyambira 1520 mpaka 1523, ndipo manambala a masamba amene anaika ndi omwe akugwira ntchito mpaka lero.

Ayuda atathamangitsidwa ku Spain mu 1492, anthu a miyambo yosiyana anapezeka m'tauni imodzi, sunagoge uyu akuti chakuti n'chololedwa, uyo akuti n'choletsedwa. Mmodzi wa ana amene anathawa nawo anali Joseph Karo, wobadwa mu 1488, amene anadzakhazikika ku Safed m'mapiri a Galileya. Anatha zaka 20 akulemba ndemanga yaikulu pa buku la Jacob ben Asher wa ku Toledo, kulondola lamulo lililonse kuchokera ku Talmud. Pogamula anadziikira oweruza atatu, Alfasi, Maimonides ndi Asher ben Jehiel, n'kumatsata awiri akagwirizana. Kenako anatulutsa chidule chake, Shulchan Aruch, kutanthauza tebulo loyalidwa kale chakudya, chimene chinasindikizidwa ku Venice mu 1565. Ku Kraków m'dziko la Poland, Moses Isserles anaona vuto msanga: awiri mwa oweruza atatu aja anali a mwambo wa ku Spain ndi kumpoto kwa Africa, ndiye miyambo ya Ayuda a ku Germany ndi Poland inkagonja isanalankhule n'komwe. Sanalembe buku lopikisana nalo. Analemba timawu towonjezera pansi pa ndime za Karo, tonena kuti kuno kwathu timachita motere, n'kutitcha nsalu ya patebulo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1570 awiriwa amasindikizidwa pamodzi, ndipo n'chifukwa chake bukuli linalandiridwa konsekonse. Mutu umodzi sukanasenza denga limenelo.

Ifenso tinayamba kale ulendo wochotsa malamulo pakamwa kuwaika papepala. Mkulu wa mpingo ku Mlanda, mishoni imene inatsegulidwa mu 1902, akakumana ndi nkhani yovuta ya ukwati kapena ya mwambo wa maliro amatsegula Zolamulira, buku losonkhanitsa zigamulo za Sinodi ya Nkhoma. Pa za miyambo ya makolo, katswiri wa malamulo J. O. Ibik anakhala pansi ndi akuluakulu a mitundu yosiyanasiyana ya m'Malawi, kuphatikizapo Achewa ndi Angoni, n'kutulutsa mabuku awiri, la ukwati ndi chisudzulo mu 1970, ndi la malo ndi chuma cha masiye mu 1971. Ndi ntchito zofunika. Koma mabuku otere amatiuza chimene chinagamulidwa. Amene anatsutsa ndi zifukwa zawo amatsalira m'maminitsi, ngati analembedwa n'komwe. Ndipo nkhawa ya Isserles ndi yathu ndithu. M'boma lino muli mabanja a chikamwini ndi a chitengwa, muli Angoni olowola ndi osalowola, ndipo zochitika kwa Ganya si zonse zimafanana ndi za kwa Mpando. Wolemba akadzati mwambo wa Angoni a Maseko ndi uwu, n'kusiya kunena kuti kwakutikwakuti amachita mosiyana, mwambo wa mbali imodzi udzameza wa inzake chifukwa chongoti ndiwo unafika papepala. Ndikanakonda kuti alembi a mabwalo a mafumu athu, polemba chigamulo, azilembanso zimene nduna yotsutsa inanena, ndi dzina lake.

Sindikufuna kujambula marabi ngati angelo. M'mizere 7 ija munalibe mayi ngakhale mmodzi. Talmud imatchula Beruriah, mkazi wa rabi Meir, monga wodziwa malamulo, koma iye ndi wapadera pakati pa amuna mazanamazana amene ankagamula za ukwati, za kusamba kwa amayi ndi za chisudzulo. Zotsatira zake zilipo mpaka lero: popeza kalata ya chisudzulo imayenera kuchoka m'dzanja la mwamuna, mkazi amene mwamuna wake wakana kapena wasowa amakhala womangika, sangakwatiwenso. Buku limene linasamala chotere kusunga mawu a ogonja silinasunge mawu a amene sanaloledwe kulowa m'bwalo. Masiku ano kuli masukulu ku Israel ndi ku America kumene amayi akuphunzira Talmud mozama, ndipo ena mwa iwo amaimirira amayi anzawo m'mabwalo a marabi.

Bwalo la marabi silili kutali nafe monga tingaganizire. Ayuda ambiri a ku South Africa makolo awo anachokera ku Lithuania, dziko limene likulu lake, Vilna, linasindikiza m'zaka za m'ma 1880 Talmud imene ikuwerengedwa kwambiri lero. Ku Johannesburg, kumene ana ambiri a ku Ntcheu akugwira ntchito, kuli bwalo la marabi lotchedwa Beth Din, limene limaweruza za chisudzulo, za olowa Chiyuda ndi za zakudya motsata Karo ndi Isserles. Amene anagwirapo ntchito m'nyumba ya Ayuda osunga mwambo kumeneko amadziwa za mbale ndi mapoto a nyama osasakanizidwa ndi a mkaka. Ndipo pa zakudya zambiri za m'mapaketi zochokera ku South Africa, zimene zimafika ndi m'masitolo athu, pamakhala kachizindikiro ka zilembo BD, kosonyeza kuti oyang'anira a bwalo limenelo anaona mmene chakudyacho chinapangidwira. Kuwerenga nako sikunaime. Mu 1923 rabi wina wa ku Poland, Meir Shapiro, anayambitsa dongosolo loti Ayuda kulikonse aziwerenga tsamba limodzi lomwelo la Talmud tsiku lililonse. Masambawo alipo 2,711, ndiye ulendo umodzi umatenga zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri ndi theka. Ulendo wa 14 unayamba mu Januwale 2020, ndipo udzatha mu Juni 2027.